Buku Lonena za Amuna Anga

Lolemba, 8 Julayi 2024

Mabuku afika. Mwana wanga Princess watsika nawo pa minibasi ya ku Blantyre, makatoni awiri, wa kabaza n'kudzawatula pakhonde pomwe. Ndang'amba tepi ndi mpeni wa ndiwo. Chikuto chobiriwira. WODWALA ALI PAKHOMO. M'munsi mwake, Bernadetta Elliam. Ine ndemwe, amene ndinkaphunzitsa Sitandade 3 pa Phalula pano mpaka tsiku lomwe amuna anga anagwa ndi sitiroko.

Loyamba ndapita nalo kwa eni nkhani. Amuna angawo, a Bizwick, anali pa njinga yawo ya olumala pawindo, akuwothera dzuwa. Alilandira ndi dzanja lamanzere, logwira ntchitolo, n'kuliika pamiyendo, n'kumasisita dzina langa ndi chala. "Bena. Eee, Bena." Mawu awo masiku ano ndi owerengeka: eya, iyayi, Bena, madzi, ndi ena ochepa amene ndimawamva ine ndekha. Munthu amene ankaimbitsa kwaya ya kutchalitchi kwathu mpaka a pamsika kusiya malonda kudzamvera pawindo.

Princess wandifunsa kuti ndinakwanitsa bwanji, poti iyeyo lipoti la kuntchito limamutengera mwezi. Ndamuuza zomwe anandiuza a Chimango, dokotala wa mafizo uja wowongola ziwalo, abambo atangotuluka m'chipatala. Anati musamadikire kuti mtima ufune, mtima sufuna. Ntchito yovutayo muimangirire ku ina imene mumaichita kale. Ndiye ndikawasukusula m'mawa, pompo ndiwongole dzanja, kenako mwendo, kenako aime chogwira khoma. Tikamaliza, phala pa tebulo. Phala likamazizira, ine peni m'manja, tsamba limodzi. Basi. Sindinalembepo masamba awiri tsiku limodzi, koma sindinadumphepo, ngakhale m'mawa wa maliro a achimwene anga. Poyamba ndinkangolemba kuti ndisapenge. A Chimango ndi amene anawerenga n'kunena kuti amayi, ili ndi buku, anthu akuvutika nawo odwala otere m'midzimu popanda wowauza chochita.

Mwambo wokhazikitsa bukuli ndi Loweruka, ku Balaka.

Lachitatu, 10 Julayi

Suti yawo yakuda ija ikuwakhwepa. Ndapita nayo kwa telala wa pamsika kuti aibweze m'chiuno.

Abambo atengeka ndi mwambowu kuposa ine. Andionetsa ndi manja kuti akufuna adzaime, osati kukhala pa njinga, ndipo adzalankhule. Mawu awiri okha, zikomo nonse. Chiyambire Lolemba akungoyeserera. "Ziko... zikomo... no... nse." Amatulukira mbali imodzi ya pakamwa. Akalephera amamenya njinga ndi chibakera, n'kupuma, n'kuyambiranso. Ndikuphika kukhitchini ndimawamva.

Princess akuti woyendetsa mwambo ndi bambo uja wa pa wailesi ya m'dera lathu, ndipo adzawerengako pang'ono m'bukumo. Ndafunsa kuti pati. Akuti, "Amayi, asiyeni, ndi ntchito yawo, asankha okha pogwira mtima."

Bukuli lisanapite ku makina osindikizira ndinawawerengera abambo. Za mafizo, za zakudya, za kutembenuza wodwala kuti asatuluke zilonda. Ankagwedeza mutu, pena n'kuseka. Mutu 7 wokha sindinawawerengere. Ndinkati tsiku lina akadzadzuka bwino.

Lachisanu, 12 Julayi

Aima osagwira khoma nthawi yokwana kunena Atate Athu yonse. "Zikomo nonse" yatuluka yathunthu. Aseka mpaka kutsokomola.

Lamulungu, 14 Julayi

Dzulo sindinathe kugwira peni. Ndilembe lero mmene zinayendera.

Holo inadzaza. Anamwino, aphunzitsi anzanga akale, amayi a mpingo, ena osawadziwa n'komwe. A kwaya anabwera atavala yunifolomu. A Nelia, achemwali awo a abambo, anachokera ku Nselema m'mamawa, anakhala mzere wachiwiri ndi chikwama chawo pamiyendo. Abambo kutsogolo penipeni, suti, tayi yofiira, ndevu ndinawameta ndekha. Anthu ankabwera kudzawagwira dzanja, iwo n'kumati eya, eya.

A Chimango analankhula bwino, mwachidule. Kwaya inaimba. Kenako bambo wa pa wailesi uja anatenga buku n'kuti, "Tsopano tamverani chifukwa chake bukuli si lamasewera." Nditangomva mzere woyamba ndinauzindikira. Mutu 7.

Ndi za tsiku lija a kwaya anabwera kudzawaona koyamba atatuluka m'chipatala. Akuimba pabalaza, abambo anadziipitsira pampando. Sakanatha kunena, sakanatha kudzuka. Fungo linamveka, nyimbo inadukira pakati, ndinawapempha anthu atuluke. Ndinalemba mmene ndinawasambitsira, mmene analirira akuluma chitenje changa, mmene ndinayambira kuwasokera matewera a mabedishiti akale. Ndinalembanso kuti tsiku lomwelo ndinapita kuseri kwa nyumba, pa mtengo wa mango, n'kupemphera kuti Mulungu angowatenga. Zonsezo zilimo, ndi dzina lawo. Ndinalemba kuti wosamalira wodwala adziwe kuti zimachitika, asadziyese chilombo, ndiponso adziwe kusambitsa munthu wamkulu mosamuchititsa manyazi. Mosamuchititsa manyazi!

Bamboyo amadziwa kuwerenga. Pang'onopang'ono, akuima poyenera kuima. M'holo munali zii. Amayi ena akulira. A kwaya onse maso pansi. Ine ndinali pa tebulo lapamwamba, pakati pa a Chimango ndi abambo mfumu, sindikanatha kudzuka kukamulanda buku. Kapena ndikanatha. Sindinadzuke.

Atamaliza anthu anaimirira, m'manja kuwomba osaleka. Iye n'kuti, "Tiyeni timve kwa ngwazi yathu," n'kutsika ndi maiki kulunjika kwa abambo. Ndinathamanga kuti ndikawadzutse monga tinapanganira. Sanandipatse dzanja. Ankayang'ana nsapato zawo. Maiki pakamwa, m'masipika mukungomveka kupuma kwawo. Zinatenga nthawi. Bamboyo n'kuti, "Chete wawoyu walankhula zambiri!" Anthu n'kuwombanso m'manja.

Kenako mzere wa ogula, mpaka panja. Ndinasaina mpaka dzanja kuwawa. Makatoni onse anatha, ena anabwerera opanda. Princess akudumpha, akundikumbatira, akuti amayi mwatchuka. A Nelia sindinawaone potuluka.

M'galimoto, kuchokera ku Balaka mpaka pa Phalula, abambo ankangoyang'ana pawindo.

Lolemba, 15 Julayi

Ndawasukusula. Kuti ndigwire dzanja lofa lija, alikoka ndi linalo n'kulibisa m'bulangete. "Iyayi." Ndati mwendo ndiye. "Iyayi." Phala adya atawapatsa Princess. Langa lazizira ndikungoliyang'ana, tsamba osalemba.

Lachitatu, 17 Julayi

Princess wabwerera ku Blantyre. Pokwera minibasi akuti adadi angotopa ndi ulendo, pofika Lamulungu akhala bwino. Sanakhale nawo zaka zonsezi, sadziwa kusiyanitsa kutopa kwawo ndi izi.

Foni sikupuma. Achipatala china akufuna mabuku a anamwino awo. Mpingo wina ku Liwonde ukufuna ndikalankhule kwa amayi. Wina waimba kuchokera ku Mangochi kungofuna kumva mawu anga. Ndimakayankhira kukhitchini, chonong'ona.

Masana wailesi yabwereza mwambo wonse. Yathu ndinazimitsa, koma ya aneba inali pakhonde, mawu okweza. Ndinathamanga kukawapempha achepetse. Akuti, "Aa, tikumvera zanu zomwe, mukhale onyada." Pobwera ndinapeza abambo akuyesa kutseka windo ndi dzanja limodzi, njinga itapendekeka, pang'onong'ono kugwa. Ndinatseka ine. Sanandiyang'ane.

Mafizo, iyayi.

Lachisanu, 19 Julayi

Kwabwera mayi wina wa ku Kalembo, dzina lake Dailesi. Wachita kufunsira nyumba kuchokera pamsewu. Wowonda, mapazi ong'aluka, akuti amadalira maganyu. Amayi ake anafa ziwalo mbali imodzi chaka chatha, ndipo abale onse anamusiyira yekha. Kuwerenga sadziwa bwino, anamva pa wailesi.

Tinakhala pansi pa mango. Akuti, "Amayi, pemphero lija munapemphera kuseri kwa nyumba, inenso ndinalipemphera. Kangapo. Ndinasiya kupita kutchalitchi, ndinkati ndine mfiti, Mulungu sangandilandire. Nditamva inu aphunzitsi mukunena zomwezo ndinalira mpaka ana kudabwa. Madzulo ake amayi anga ndinawasambitsa bwinobwino, ndikuwaimbira."

Ndinamupatsa buku langa lomwe linatsala, ndinamuonetsa katembenuzidwe ka wodwala pogwiritsa ntchito chitenje. Mtima unakhalako pansi. Ndinati mwina si pachabe.

Potsanzika akuti, "Ndiwalonjereko abambo aja." Ndisanayankhe anali atagwada kale pakhomo la pabalaza. "Pepani abambo, tinamva zonse zimene munakumana nazo." Ndi mtima wabwino ndithu.

Abambo anakoka bulangete n'kudzifunda kumutu. Akhala choncho mpaka dzuwa kulowa.

Loweruka, 20 Julayi

Kumsika. Wogulitsa tomato wina akufuula, "Amayi a buku! Madala aja ali bwanji, matewera akadalipo?" Anzake kuseka, wina kumudzudzula. Ndabwerera wopanda tomato.

Abambo pawindo sakhalanso. Akufuna njinga iziyang'ana kukhoma.

Lachiwiri, 23 Julayi

Dzanja layamba kuuma. Zala zikupindikira m'kati ngati kale. Ntchito ya zaka, ikutha ndikuona.

Lero ndinalimba mtima. Nditawasambitsa (kusamba amalola, sangachitire mwina, koma amatsinzina mpaka ndimalize) ndinakhala pansi pafupi ndi njinga. Ndinati, "Abambo a Princess, ndinalakwa. Ndikanakuwerengerani kaye. Za matewera zija sindikanalemba dzina lanu. Anthu aiwala, muona."

Anapukusa mutu. Osati zimenezo. Anayamba kusaka mawu, mmene amachitira, milomo ikugwedera, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Ndinadikira. A Chimango anandiphunzitsa kusawamalizira mawu, ndipo ndinalembanso zimenezo m'buku.

"Mu... Mulungu," anatero. Kenako anadziloza pachifuwa. "Andi... tenge?"

Sabata yonseyi ine ndimaganiza za manyazi. Za matewera, za a kwaya, za anthu a pamsika. Sindinaganize kuti munthuyu anakhala kutsogolo kwa holo yodzaza n'kumva koyamba, kuchokera pakamwa pa mlendo, kuti mkazi wake anamupempherera imfa.

Ndinati linali tsiku limodzi lokha. Ndinati ndinali nditatopa, sindinkagona, sindinkadziwa chimene ndikunena. Ndinati onani zaka zonsezi, ndani wakuthawani? Ndinalankhula zambiri. Iwo ali ndi mawu ochepa, ine ndili nawo ambiri, ndipo onse ndinawakhuthula.

Anandisiya ndimalize. Kenako anati, "Eya." N'kutembenukira kukhoma.

Lachinayi, 25 Julayi

A Nelia abwera ndi galimoto ya hayala. Sanakhale pampando, anayala chitenje pakhonde. Tiyi anakana.

"Alamu, sindinabwerere ndewu. Munthuyu ali ndi eni ake. Anabwera kuno kudzakhala mwamuna wanu, osati kuti mumuvule pamaso pa dziko lonse. Ku Nselema anthu akundipepesa ngati kwagwa maliro."

Ndinati, "Eni ake munali kuti pamene ankagwa pabedi? Ndani wawasambitsa zaka zonsezi? Mumabwera pa Khirisimasi ndi nkhuku imodzi."

Sanakweze mawu. "Mwawasambitsa, palibe akukana. Ine ndinkakutamandani kulikonse. Koma ndinamva ndi makutu angawa zimene munapempha kwa Mulungu. Ndiuzeni inuyo, ndibwerere kwathu ndikagone bwanji?"

Ndinati tiwafunse eni ake, si mwana. Ndinanena molimba mtima chifukwa ndinkadziwa kuti sangachoke. Nyumba ino anamanga okha, njerwa anaumba okha.

Tinalowa. A Nelia anagwada pafupi ndi njinga n'kuyamba kuwalankhula m'Chilomwe, chimene ine ndimangotolako apa ndi apo. Abambo ankamvetsera, misozi ikutsikira mbali imodzi. Pomaliza anawafunsa m'Chichewa kuti nanenso ndimve. "Mupita nane kumudzi?"

"Eya."

Ndinati, "Abambo a Princess, mwamva bwino funso?"

Anandiyang'ana m'maso, koyamba chichokereni ku Balaka. "Eya."

Ndinalongedza ndekha. Malaya, mankhwala a BP, matewera ochapa, kapu yawo ya chogwirira chachikulu. Ndinayamba kuwafotokozera a Nelia kuti azitembenuzidwa pafupipafupi, asagonere mbali imodzi, dzanja liziwongoledwa m'mawa uliwonse. Anandidula. "Ife tinalera makolo athu mpaka kumanda popanda buku."

Dalaivala ndi aneba anawanyamula kuwaika kutsogolo. Njinga anaimangirira pamwamba. Ndinaima pamsewu mpaka galimoto inazimiririka cha ku Chingeni.

Lachisanu, 26 Julayi

Ndamuimbira Princess. Walira, kenako wakalipa, akuti azakhali ake ndi a nsanje. Ndamuuza asawaimbire.

Lolemba, 29 Julayi

Ndadzuka, ndasonkha moto, ndatenthetsa madzi, ndathira m'beseni, ndatenga thaulo. Ndafika nazo pakhomo la chipinda ndiye ndakumbuka. Thupi silimva. A Chimango ananena zoona, chizolowezi chikakhazikika sichifunsa mtima. Madziwo ndathirira mpiru.

Ndinayesa kulemba tsamba. Za chiyani? Ndangojambula mizere m'mphepete.

Lachinayi, 1 Ogasiti

Princess waimba ali ndi chisangalalo chimene akuyesa kubisa. Osindikiza akufuna kutulutsanso, ambiri kuposa poyamba. Bungwe lina likufuna ligawe m'zipatala zing'onozing'ono za m'boma lathu ndi loyandikana nalo. Ena akufuna limasuliridwe m'Chiyao.

Ndinati achotse Mutu 7.

Iye n'kuti, "Amayi, anthu akugula chifukwa cha Mutu 7. Ndipo wailesi inaulutsa kale. Mukachotsa lero adadi abwerera?"

Ndinadula foni. Ndinaimbira a Chimango ndikuyembekeza kuti iwo andimvetsa. Anapepesa kwambiri za abambo, anati nawonso anayenera kundifunsa ngati eni ake anamva zonse. Koma anati, "Amayi, za mafizo aliyense wa ife angalembe, ndipo timanena tsiku ndi tsiku, anthu samva. Chimene chawatsegula makutu ndi choti inu munanena zimene iwo amabisa. Sabata ino kwabwera anthu ndi odwala amene anawatsekera m'nyumba kalekale. Koma buku ndi lanu. Mukati tichotse, tichotsa."

Ndinaganiza za Dailesi akuimbira amayi ake. Ndinaganiza za bulangete lija kumutu.

Sindinanene eya, sindinanene iyayi. Princess watumiza uthenga madzulo kuti makina ayamba Lolemba ngati sindinena kanthu.

Lamulungu, 4 Ogasiti

Kutchalitchi andipatsa mpando wakutsogolo. Abambo mfumu anditchula mu ulaliki. Anthu sakudziwa bwino kuti abambo anachoka bwanji, ndimangoti apita kukaona kwawo.

Potuluka a Godfrey, amene akuimbitsa kwaya tsopano, anandiimitsa pambali. Akuti, "Amayi, tsiku lija titatuluka m'nyumba mwanu tinaima pamsewu n'kupangana kuti aliyense asadzanene, ngakhale kwa mkazi wake kapena mwamuna wake. Ndipo palibe ananena." Anandigwira dzanja mwaulemu n'kumapita.

Lolemba, 5 Ogasiti

Sindinanene kanthu. Makina ayamba.

Loweruka, 10 Ogasiti

Ku Liwonde, kwa amayi a mpingo uja. Anadzaza mpaka ena kukhala pansi. Ndinalankhula za kumangirira ntchito yovuta ku ntchito ya masiku onse, za kusadikira mtima, za tsamba limodzi. Mawu amatuluka okha tsopano, ngati ndikuphunzitsa matebulo ku Sitandade 3. Ankalemba m'makope. Wina anadzutsa dzanja. "Nanga abambo ali bwanji pano, ayamba kuyenda?" Ndinati akuyesetsa. Anawomba m'manja.

Mayi wina wachisilamu anandidikira panja, buku lili m'manja, lothimbirira kale, akuti likuyenda nyumba ndi nyumba m'mudzi mwawo. Anandigwira manja onse awiri n'kundidalitsa m'Chiyao. Ndinangoti zikomo.

Kudepoti makondakitala akuitanira, Ntaja-Nselema, Ntaja-Nselema. Ndinaima pafupi ndi minibasi imodzi mpaka inadzaza. Kondakitala akuti, "Amayi, mukukwera kapena mukuperekeza?" Ndinakwera ya ku Balaka.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Ndaimbiranso a Nelia. Ikuitana, sakuyankha.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Mabuku atsopano afika, makatoni adzaza pabalaza. Ndawaunjika pamene pankakhala njinga chifukwa ndi pokhapo pali malo. Anthu akubwera kudzatenga kuyambira m'mawa. Ndimasaina, ndimamwetulira, ndimafunsa za odwala awo. Kukada ndimadya chiimirire kukhitchini.

Ndinatsegula limodzi pa Mutu 7 n'kuwerenga ndekha mokweza, ndikuyesa kumva mmene anamvera iwo. Ndinalekeza pa mtengo wa mango. Chimene chikundiwawa n'choti palibe bodza ngakhale limodzi.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

A Nelia aimba okha. Mawu otopa, sindinawazindikire poyamba. Sanalonjere.

"Alamu, bwerani. Achimwene kumsana kwatuluka chilonda, chikukula. Ine masana ndimakhala kumsika, ndimawasiya chigonere, nanga tidya chiyani? Kuwanyamula ndekha sindingathe, msana wanga watha. Ndayesa mankhwala athu, sizikusintha."

Ndinafunsa ngati eni ake akudziwa kuti akundiitana. Anati, "Ndawauza. Sanati eya, koma sanatinso iyayi."

Ndaimbira a Chimango, andiuza zoti nditenge ndi zoti ndikayang'ane. Akuti chikakhala chakuya tisachedwe, chipatala. Anthu a ku Zomba amene anandiitana kuti ndikalankhule Lachinayi ndawauza kuti sindibwera. Afunsa kuti tisinthe tsiku liti. Ndati sindikudziwa.

Lachitatu, 21 Ogasiti

Nselema. Ndafika dzuwa lili pamutu, fumbi mpaka m'mano. A Nelia anandichingamira pamsewu. Awonda, maso alowa. Anandilanda chikwama, tinayenda mpaka kunyumba. Pakhomo anati, "Madzi ndatenthetsa kale." Njinga ili pakhonde, tayala limodzi laphwa, nkhuku zikugonapo.

Ndinalowa ndi beseni. Anali chigonere, nkhope kukhoma. Ndinagwada pafupi.

"Abambo a Princess, ndabwera. Ndi ine Bena."

Sanatembenuke.

"Ndikufuna ndione pamsanapo. Mundilola?"

Ndinadikira. Sindinagwire bulangete, sindinawonjezere mawu. A Nelia anaima pakhomo. Panja wina ankadutsa akuitanira nthochi. Patapita nthawi anatembenuza mutu pang'ono, dzanja lamanzere linatuluka m'bulangete n'kundigwira pamkono, mwamphamvu, mpaka pano zala zawo zikuonekabe.

"Bena."

"Ee, abambo."

Anasaka mawu nthawi yaitali. Ndinawasiya.

"Izi... osalemba."

"Sindilemba."

Anandigwedeza mkono. "Osalemba."

"Ndamva, abambo. Sindilemba. M'buku ayi, pena paliponse ayi."

Anandiyang'ana, ndipo sindikudziwa ngati anandikhulupirira. Kenako anandisiya mkono, anatsinzina, n'kukankha bulangete okha.

Ndiye zimene ndinaona, ndi zimene tinachita ndi a Nelia masana onsewa, zitsala m'chipinda momwemo.

Mawa m'mawa tipita nawo kuchipatala. Galimoto yapezeka. A Nelia andiyalira mphasa pafupi ndi bedi, akuti ndisaganize zobwerera msanga. Akundiitana, nthawi yowatembenuza yakwana.